Mikwingwirima pa penti ya galimoto: makina ati, padi iti, ndipo tilekezere pati?

Kafunsefunse:
Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Galimoto ndi yakuda, penti yake ndi ya kufakitale, sinapoperedwenso. Pamthunzi imaoneka bwinobwino, koma ikangoima padzuwa, boneti ndi zitseko zimaonetsa timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, ndipo kuda kwake kwayamba kuoneka mbuu. Pachitseko chimodzi palinso mkwingwirima wautali ndithu. Kodi makina opolishira angachotse zonsezi? Pakufunika makina amtundu wanji, mapadi ati (masiponji aja omatika ku makinawo), ndipo poyambira ndi pati?

WaKiliya:
Achimwene, musanagule kanthu dziwani kaye chimene makinawo amachita. Sakwirira mkwingwirima ayi. Amadya kiliya (penti yoonekera mkati ya pamwamba penipeni) yozungulira mkwingwirimawo mpaka pamalo ponsepo pafanane ndi pansi pake. Pakasalala, kuwala kumabwerera molunjika m'malo momwazikana, ndiye diso limaona kunyezimira. Choncho nthawi iliyonse mukapolisha, kiliya imachepa, ndipo yachokayo sibwerera.

Penti ya kufakitale ili ndi magawo. Pansi penipeni pali chotchinjiriza dzimbiri ndi pulayimala, kenako mtundu weniweniwo, pamwamba kiliya. Zonse pamodzi nthawi zambiri zimakhala pakati pa ma micron 100 ndi 180, koma kiliya yokha ndi ma micron 35 mpaka 50 basi. Pepala lolembera limodzi ndi ma micron pafupifupi 100, ndiye onani nokha kupyapyala kwa chimene mukugwirapo ntchito. M'kiliyamo ndi mmenenso muli mankhwala oteteza mtundu kudzuwa. Mukaidya kwambiri, siionekera tsiku lomwelo, koma pakapita nthawi imayamba kuyera ndi kusupuka. Malire amene ambiri amatsatira ndi osachotsa kupitirira kota ya kiliya pa moyo wonse wa galimoto.

Za mkwingwirima wa pachitsekowo, yesani njira ziwiri. Dutsitsanipo chikhadabo mopingasa. Chikakodwa, ndi wakuya, makina angoufewetsa m'mbali kuti usamaonekere patali koma sautha. Kenako thiranipo madzi. Ukazimiririka pamene panyowa, uli m'kiliya ndipo pali chiyembekezo. Ukamaonekabe woyera kapena wotuwa ngakhale panyowe, wafika pa pulayimala, imeneyo ndi ntchito ya penti osati polishi.

Kafunsefunse:
Chikhadabo sichikukodwa kwenikweni, ndipo ukanyowa ukuzimiririka. Nanga pali gulayinda kale, sindingangomangirirapo siponji?

MkuluWaRotary:
Ayi, chonde musayerekeze. Gulayinda wamba imazungulira maulendo 10,000 kapena kuposa pa mphindi. Kupolisha kumafuna 600 mpaka 1,800 basi. Pa liwiro la gulayinda siponji imang'ambika ndipo kiliya imapsa musanaphethire n'komwe. Amafanana maonekedwe ndi makina a rotary koma m'kati magiya ake ndi osiyana.

Makina opolishira alipo mitundu iwiri ikuluikulu. Rotary imazungulira pamalo amodzi ngati gudumu, imadula msanga, imatenthetsanso msanga. DA (dual action) imazungulira ikugwedezeka uku ndi uku, moti kutentha sikuunjikana pamalo amodzi, ndipo mukaikanikiza mopitirira imasiya yokha kuzungulira. Palinso ina yapakati imene imagwedezeka ngati DA koma magiya amaikakamiza kuzungulira, siima ngakhale muikanikize. Ine ndimakonda rotary chifukwa pa penti yolimba imamaliza ntchito mwachangu, koma imafuna dzanja lozolowera.

MayiWaPolishi:
Bambo, pa galimoto yakuda komanso munthu woyamba kumene, rotary tiyeni tiisiye kaye pambali. Pa zakuda imasiya timizere towala tooneka ngati tikuvina dzuwa likawomba, tija amati ma hologram, ndipo kuti tichoke pamafunikanso DA. Ndiye kuli bwino kungoyamba ndi DA yomweyo.

Pogula DA yang'anani kukula kwa kugwedezeka kwake. Pali za mamilimita 8, 15 ndi 21. Ya 21 imathamanga pa malo aakulu osalala ngati denga, koma pa zitseko zopindika imaima pafupipafupi. Ya 8 ndi yofatsa koma imachedwa. Ya 15 yokhala ndi mbale (pomatika padi) ya mamilimita 125 imakwanira pafupifupi paliponse. Ngati makina anu amalola kusintha mbale, kambale ka mamilimita 75 kamathandiza pa mabampala ndi pa mizati ya mawindo.

Mapadi a siponji tengani mitundu itatu: yolimba yodulira, yapakati, ndi yofewa yomalizira. Musadalire mtundu wa padi, chifukwa yachikasu ya kampani ina ndi yodulira pamene ya kampani ina ndi yomalizira. Ifinyeni ndi chala, werenganinso chikalata chake. Ndipo padi imodzi siikwanira galimoto yonse. Pa sitepe iliyonse ya ntchito khalani ndi zinayi kapena kuposa, chifukwa ikatentha ndi kukhuta polishi imafewa n'kusiya kudula.

MkuluWaRotary:
Pa zakuda ndavomera, mayi. Koma tisanamize anthu kuti DA siwotcha. Ndi padi ya microfibre kapena ya ubweya, kompaundi yaukali (polishi yodula kwambiri), pa mphepete mwa chitseko, DA imabowola kiliya bwinobwino. Imangochedwerapo.

WaKiliya:
Zoona zimenezo. Tsopano kukonzekera, kumene ambiri amadumpha kenako n'kumaloza chala makina.

Tsukani ndi ndowa ziwiri, ina ya shampu ina ya madzi otsukuluzira chotsukira, kuti mchenga usabwerere pa penti. Timizere ta kangaude tija timachokera kumeneko, kutsuka ndi nsanza yamchenga komanso kupukuta fumbi pouma. Mukatsuka, chotsani phula la mumsewu ndi mankhwala ake, makamaka m'munsi mwa zitseko. Kenako poperani mankhwala ochotsa tizitsulo tochokera ku mabuleki. Amasanduka ofiirira akakumana ndi chitsulo, ndipo musawalole kuumira pa penti.

Mukatero valani kapepala ka pulasitiki kopyapyala kudzanja n'kusisita penti pang'onopang'ono. Mukamva kukhakhala, pakufunika clay. Ndi chinthu chofewa ngati dongo chimene chimazula zomatirira. Chiphwathalitseni, poperani madzi oterera ambiri, muzichiyendetsa mopepuka chopita ndi chobwera, ndipo muzichipinda pafupipafupi kuti mbali yoyera ikhale kunja. Chikagwa pansi, tayani. Kamchenga kamodzi kotsalira kakalowa m'padi kamalemba timizere topotana ngati mchira wa nkhumba pa boneti yonse.

Umitsani galimoto bwinobwino, madzi a m'ming'alu asadzadonthere pa padi. Matani tepi ya mapepala pa mapulasitiki akuda, pa malabala a mawindo, pa zilembo, ndi pa mizere yakuthwa ya bodi. Polishi ikalowa m'pulasitiki yokhakhala imasiya zoyera zovuta kuchotsa. Ntchito yonse ichitikire pamthunzi, bodi itazizira. Pa chitsulo chotentha polishi imauma musanaigwiritse ntchito, imabumbika n'kumatirira.

Kafunsefunse:
Kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti n'kofunikadi, kapena ndi za akatswiri okha?

WaKiliya:
Ngati muzingogwiritsa ntchito polishi yofewa kamodzi, mukhoza kuyenda popanda. Koma mukafuna kompaundi yaukali kapena sandipepa, kamafunika, makamaka pa galimoto imene simukudziwa mbiri yake. Dziwani kuti kamayeza magawo onse pamodzi, osati kiliya payokha. Njira yoyerekezera ndi iyi: yezani m'kati mwa mphuthu ya chitseko, mmene fakitale imathira kiliya yochepa kwambiri, kenako yezani kunja. Kusiyana kwake kumakupatsani chithunzi cha kiliya imene ilipo, ngakhale si ndendende.

Yezani malo angapo pa gawo lililonse. Mukapeza paliponse pali 130 koma malo ena 85, dziwani kuti wina anadyapo kale, pamenepo pitanipo mopepuka. Mukapeza 250 kapena 300, panapoperedwanso. Manambala a mazana ambiri kapena kupitirira 1,000 amasonyeza filala (phala lokwirira pophwanyika) pansi. Tizipangizo wamba timayeza pa chitsulo ndi pa aluminiyamu basi, pa bampala ya pulasitiki sitiwerenga.

MayiWaPolishi:
Tifike pa kupolisha kwenikweniko. Musayambe galimoto yonse. Sankhani kachigawo kamodzi pa boneti, masentimita 40 mbali zonse, kazungulizeni tepi. Yambani ndi zofewa: padi yapakati ndi polishi yapakati. Zikachotsa zokwanira, mwapeza njira yanu ndipo mwasunga kiliya. Zikalephera, kwerani sitepe imodzi, musinthe padi yokha kapena mankhwala okha, osati zonse nthawi imodzi, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Lembani mzere ndi cholembera chakuda kumbuyo kwa mbale ya makina. Ukamazungulira ndiye kuti padi ikugwira ntchito. Ukaima n'kumangonjenjemera, mwakanikiza kwambiri kapena mwapendeketsa makina, ndipo palibe chimene chikudulidwa ngakhale phokoso likhale lalikulu.

Pa padi yatsopano pakani polishi pang'ono nkhope yonse ndi chala kuti isayambe youma. Kenako madontho atatu kapena anayi aakulu ngati nsawawa pa chigawo chilichonse. Dindani padi malo angapo m'chigawomo makina ali ozima. Yatsani padi ili pa penti, apo ayi polishi imwazikira pagalasi ndi pankhope panu. Mwazani pa liwiro 1 kapena 2 (manambala a pa chosinthira liwiro cha makina) ulendo umodzi mwachangu, ndiye kwezani pa 4 kapena 5.

Apa ndiye pagona nkhani: dzanja liziyenda pang'onopang'ono, masentimita awiri kapena atatu pa sekondi. Anthu ambiri amathamangitsa makina ngati akukolopa, kenako amati polishi ndi yabodza. Mzere uliwonse uzikwera theka la mzere wapitawo. Pitani chopingasa chigawo chonse, kenako choongoka, mpaka maulendo anayi kapena asanu ndi limodzi. Kanikizani pang'ono moti siponji iphwe pang'ono chabe, ndipo pa maulendo awiri omaliza pepukitsani dzanja. Padi ikhale yogona yonse pa penti. Chingwe cha magetsi chikolekeni paphewa kuti chisamakwekwerezeke pa bodi. Polishi ikayamba kuoneka ngati kamafuta kopyapyala koonekera mkati, yatha ntchito. Zimitsani makina padi ikadali pa penti, pukutani ndi thaulo la microfibre loyera, lopinda kanayi.

Chiphuliphuli:
Ndiwonjezerepo za kuyendera ntchito, chifukwa polishi imanamiza. Mafuta ake amalowa m'timizere n'kutibisa, ndipo m'mankhwala ena amachita kuikamo zokwirira mwadala. Mumaona ngati zatheka, koma mukatsuka kawiri katatu zonse zimabwerera. Mukapukuta, poperani isopropyl alcohol yosungunula, gawo limodzi pa magawo anayi kapena asanu a madzi oyera, kapena mankhwala opangidwira ntchito imeneyi. Poperani pa thaulo, pukutani mopepuka, ndiye unikani ndi tochi ya LED yowala kwambiri, mutazimitsa magetsi ena. Tochi muziyendetsa uku mukusintha poima. Nyali zazitali za m'denga zimabisa timizere. Mukamaliza boneti tulutsani galimoto padzuwa muone, musanapitirire mbali zina.

MkuluWaRotary:
Alcohol wosasungunula pa penti yofewa yotentha amasiya zipsera, ndiye dikirani chigawo chizizire kaye. Ndipo musakhute ndi kupukuta. Pa penti yakuda yofewa, thaulo lomwelo limalemba timizere tatsopano.

Pa kufewa kwa penti, kawirikawiri magalimoto a ku Japan monga Toyota, Honda ndi Subaru amakhala ndi kiliya yofewa komanso yopyapyala. Imakonzeka msanga koma imavuta kumalizira. A ku Germany monga Audi, Volkswagen ndi Mercedes-Benz amakhala ndi yolimba, imene polishi yofewa imangodutsapo osachita kanthu. Koma musalumbirire zimenezi, zimasiyana ndi chaka, mtundu, ndi fakitale, ndipo gawo lopoperedwanso lili ndi khalidwe lakelake. N'chifukwa chake kachigawo koyesera kaja kali kofunika kuposa dzina la galimoto.

Mayina a mankhwala amathandiza kumvetsa masitepe. Kwa Menzerna, 400 ndi yodula kwambiri, 2500 yapakati, 3800 yomalizira. Kwa Meguiar's, M105 ndi kompaundi, M205 ndi yomalizira. Kampani iliyonse ili ndi makwerero otere. Polishi ina imakhala ndi timchenga timene timaphwanyika n'kumachepa pamene mukugwira ntchito, imeneyo iyenera kugwiritsidwa ntchito mpaka ithe, mukaisiyira panjira imasiya mbuu. Ina timchenga take sitisintha kukula, mukhoza kuima pamene mwakhutira.

Kafunsefunse:
Ndayesa kachigawo ndi padi yapakati. Ukonde wa kangaude wachoka pafupifupi wonse, koma ndi tochi pakuoneka kachifunga kotuwa, ndipo polishi ikutulutsa fumbi lambiri. Chalakwika n'chiyani?

MayiWaPolishi:
Kachifungako ndi timizere ting'onoting'ono tosiyidwa ndi padi kapena polishi yomweyo, ndipo pa zakuda zofewa sizachilendo. Bwerezani ndi padi yofewa yomalizira ndi polishi yosalala kwambiri, liwiro 3 kapena 4, osakanikiza, maulendo atatu kapena anayi. Kakapanda kuchoka, kaikirani padi: mwina yakhuta.

Fumbi limabwera pa zifukwa zingapo. Mwina mwagwira ntchito nthawi yaitali polishi itauma kale, mwina chigawo n'chachikulu mopitirira, mwina bodi ndi yotentha, kapena padi yadzaza zouma. Mukatha chigawo chilichonse yeretsani padi ndi kaburashi kofewa makina akuzungulira pang'onopang'ono, kapena ipemerereni mphepo ya kompuresa. Mukatha zitseko ziwiri kapena boneti, sinthani padi. Zimene zimatsalira m'padimo si polishi yokha, mulinso kiliya imene mwadya, ndipo ikabumbika imakala penti.

Kuthira polishi yambiri nakonso ndi vuto. Padi imalemera, imaterera pamwamba pa mafuta osadula, imasunga kutentha pakati mpaka chomatira cha kumbuyo kwake, chimene chimaigwiriza ku mbale, chimamatuka.

WaKiliya:
Malo oopsa ndiwatchule, poti ndi amene amaliza anthu. M'mphepete mwa zitseko, mwa boneti ndi mwa buti, komanso pa mizere yotukuka ya bodi, penti imakhala yopyapyala kuchokera kufakitale, chifukwa ikadali yamadzi imathawa pa nsonga. Komanso padi ikafika pa nsonga, mphamvu yonse imaunjikana pa kamalo kakang'ono. Polishani mbali iyi mpaka pafupi ndi mzere, mbali inayo chimodzimodzi, koma osakhazika padi pamwamba pa mzerewo. Pa rotary, padi izizungulira chotuluka m'mphepete, osati cholowa, apo ayi imakodwa.

Mabampala a pulasitiki samwaza kutentha ngati chitsulo, ndiye penti imafewa n'kukwinyika mwadzidzidzi. Tsitsani liwiro, gwiranipo ndi kuseri kwa dzanja pafupipafupi. Pakatentha moti dzanja silingakhalepo, siyani pazizire.

Chizindikiro chakuti mwabowola ndi mtundu wa galimoto kuonekera pa padi, ndi kamalo kosawala kokhala ndi malire ooneka bwino. Pamenepo imani, kupitiriza kumangokulitsa bala, mankhwala ake ndi kupoperanso gawo lonselo. Koma musasokoneze ndi penti yopanda kiliya, imene imapezeka pa magalimoto akale ndi ena oyera kapena ofiira. Pa imeneyo padi imatenga mtundu kuyambira pachiyambi ndipo si vuto. Kuti mudziwe, pakani polishi pang'ono ndi nsalu yoyera pamalo obisika. Nsalu ikatenga mtundu, palibe kiliya. Imeneyo imadzaza mapadi msanga, konzani ambiri.

Chiphuliphuli:
Za mkwingwirima wautali uja. Yesani kaye kompaundi ndi padi yodulira yaing'ono, maulendo ochepa, n'kuona. Ukachepa moti sukuoneka mutaima masitepe awiri, ine ndikuti usiyeni. Kuthamangitsa mkwingwirima umodzi mpaka uthere pansi kumadya kiliya ya dera lonselo, ndipo galimoto idzafunika kupolishidwanso m'zaka zikubwerazi.

Ena amalangiza sandipepa yamadzi yosalala kwambiri, ya nambala 2000 kenako 3000. Imagwiradi ntchito, koma imadya mwachangu kuposa kompaundi, ndipo pa penti ya kufakitale popanda choyezera ndi juga. Amene akufuna kuphunzira apeze chitseko kapena boneti yotayidwa, ayesererepo mpaka abowole dala, kuti dzanja lidziwe pamene ngozi imayambira.

Palinso zimene polishi singathe. Kiliya ikayamba kuyera zigamba n'kumasupuka ngati khungu, makamaka padenga ndi pa boneti, yafa. Tizibowo ta miyala timafuna penti yodonthezera. Zitosi za mbalame ndi madontho a madzi owumira zikadya mozama zimasiya chipsera chimene chimangochepa. Ndipo penti yosawala mwadala, ija ya matte, musaiyandikize makina, mukangopolisha pamakhala chigamba chowala chosabwezeka.

Kafunsefunse:
Ena akuti mankhwala otsukira mano kapena mafuta a mabuleki amachotsa mikwingwirima. Pali choona?

MkuluWaRotary:
Mafuta a mabuleki amadya penti, akadonthera tsukani ndi madzi nthawi yomweyo. Mafuta ena aliwonse amangonyowetsa mkwingwirima kuti ubisike kwa masiku ochepa. Mankhwala a mano ali ndi timchenga, koma sanapangidwire kiliya, pa zakuda amasiya chigamba chotuwa.

MayiWaPolishi:
Mukamaliza, penti imakhala yopanda chotchinjiriza chilichonse, ndiye ikani tsiku lomwelo. Chotsani tepi pang'onopang'ono moikokera chammbuyo, chotsani fumbi la m'ming'alu ndi kaburashi kofewa, pukutani mafuta a polishi ndi alcohol uja. Wakisi wachilengedwe amakhala mwezi umodzi mpaka itatu. Sealant, chotchinjiriza chopangidwa ndi mankhwala, imafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Ceramic, chotchinjiriza chamadzi chimene chimauma gwa ngati galasi, imakhala zaka, koma imafuna penti yoyeretsedwa bwino kwambiri, ndipo ikauma ndi zigamba, kuzichotsa kwake ndi kupolishanso. Siiletsanso mikwingwirima monga amanenera otsatsa malonda, imangothandiza kuti dothi lisamamatirire. Chilichonse mwa izi pakani mopyapyala, chochuluka chimangovuta kupukuta.

Ngati pali gawo limene lapoperedwa posachedwa, musalitseke ndi wakisi kapena ceramic msanga. Penti yatsopano imatulutsabe mpweya wa mankhwala ake kwa mwezi umodzi mpaka itatu, funsani amene anapopera kuti anagwiritsa ntchito penti yanji.

Kafunsefunse:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Funso lomaliza: mapadi ndi mathaulo ndizisamalira bwanji, ndipo kupolisha kotere kuzichitika kangati?

WaKiliya:
Kompaundi yaukali ikhale ya apo ndi apo, kamodzi kapena kawiri pa moyo wa penti. Polishi yofewa kamodzi pachaka n'kokwanira ngati katsukidwe kasintha: ndowa ziwiri, chotsukira cha microfibre, kutsukuluza mchenga musanakhudze bodi, ndi kuumitsa ndi thaulo lofewa osati nsanza.

Mapadi atsukeni tsiku lomwelo polishi isanaume. Aviikeni m'madzi ofunda a sopo wochepa, afinyeni ndi zala osawapotokola, tsukuluzani mpaka madzi ayere, ndipo ayanikeni pamthunzi chomatira chili m'mwamba kuti madzi asakhale pa guluu. Asabwerere pa makina asanaumitsitse, padi yonyowa imatentha m'kati n'kuphwasuka. Mathaulo a microfibre achapeni paokha, osasakaniza ndi nsalu za thonje chifukwa amatola ulusi, osathira mankhwala ofewetsa zovala, osawasita kapena kuwaumitsa pa moto wambiri. Limene lagwa pansi kapena lapukutapo matayala lisabwererenso pa penti, ndipo lopukutira ceramic limauma gwa, likatha ntchito imeneyo lipite kwa zonyansa za m'injini.